Mphindi Khumi za Chiwala

Wotchi ya m'chipinda chositira inali itadutsa kale 2 koloko pamene lole ya ku hotela inatsitsa mtolo womaliza wa mabedishiti. Akochi anauyang'ana mtolowo, n'kuyang'ana wotchi. Mpira wa Loweruka limenelo unali woti uyambe 3 koloko, ndipo bwalo lake linali kutsidya kwa tauni.

Anauza amayi kuti achangamutse manja. Nsimbi zisanu ndi zitatu zinkapuma nthunzi mpaka mawindo kuchita chifunga, ndipo thukuta linkayenderera m'makosi n'kumalowa m'mayunifomu. Kunkangomveka kulira kwa nthunzi ndi kukuntha kwa nsalu.

Pakampani yochapa zovalayi Akochi anali kapitawo wa ogwira nsimbi, koma za ukapitawozo palibe ankazitchula. Iwo ndi amene ankaphunzitsa timu ya mpira wamanja ya amayi apantchitopo, ndiye dzina linangosanduka Akochi, moti ngakhale amuna awo akapsa mtima ankawaitana choncho. Timu yake sinali ya atsikana ayi. Anali amayi a ana atatu, anayi, a mawondo olira akamakwera masitepe, koma ukangowaponyera mpira unkaiwala zaka zawo. Chaka chimenecho anali atajomba kale kawiri chifukwa cha ntchito yobwera mochedwa ngati yomweyi, ndipo akuluakulu a ligi ya makampani anali atalemba kalata yonena mosapsatira kuti akajombanso kachitatu, dzina lawo lifufutidwa. Kalatayo inali m'thumba la epuloni ya Akochi, itanyowa ndi thukuta.

M'ngodya, pafupi ndi windo, munali makina osokera, ndipo pamakinapo pankakhala mng'ono wawo wa bere limodzi. Ntchito yake inali kusokerera mabatani ndi kuika zigamba pa nsalu zong'ambika. Onse ankamutchabe Chiwala, ngakhale kuti panali patatha zaka zisanu ndi ziwiri asanadumphepo ngakhale ngalande. Akochi sankakonda kuyang'ana m'ngodya imeneyo.

Kuseri kwa chipindacho kunali khonde loyanikamo matawulo, ndipo khoma la m'khondemo linali mbwee madontho a choko. Lachiwiri ndi Lachinayi akaweruka, Akochi ankaimika amayi awo pamzere. Aliyense ankadzipaka choko ku zala, n'kudumpha kamodzi atangochoka pansimbi, n'kukhudza khoma pamene wafika. Kenako ankathamanga mozungulira bwalo la malole, kuponya miyendo kutsogolo ndi kumbuyo, kunyonyomala, kudumphadumpha, mphindi khumi zathunthu za pa wotchi. Akatero ankabwerera pakhoma paja. Dontho lachiwiri linkakhala pamwamba pa loyamba, pena ndi zala ziwiri, pena zitatu, ndipo Akochi sankalalikira, ankangoloza. Amayiwo ankazitcha mphindi khumizo mapemphero a Akochi, ndipo ankati munthu ukhoza kuthawa msonkho koma mapemphero amenewo sungawathawe.

Pamwamba pa madontho onsewo, pafupi ndi denga, panali zala zitatu zakuda. Tsiku lina kalekale Chiwala anaviika dzanja mu inki yodindira zizindikiro pa zovala, inki yosachoka ngakhale uiwiritse, n'kudumpha amayi onse akuombera m'manja. Choko chinkachoka akamakolopa, koma zala zitatuzo zinatsala. Panalibe amene anazifikapo. Akochi akamapita kukayanika matawulo ankaweramitsa mutu ngati munthu wodutsa kumanda.

Tsiku limene Chiwala anasiya kudumpha linalinso Loweruka, ndipo analinso atachedwa. Atafika pabwalo, Chiwala anapempha kuti ayambe wathamangako pang'ono, chifukwa miyendo yake inali ikadali mtulo. Akochi anamuyang'ana diresi yake yonyowa mpaka m'chiuno, n'kuseka. Mawu amene anayankha ankawakumbukira onse, ndi kamvekedwe kake komwe.

"Tasita tsiku lonse, thukuta lonseli ukufunanso kutentha kwanji? Lowa, utenthera momwemo."

Ndi mmene aliyense pansimbi ankaganizira nthawi imeneyo. Munthu wakhala maola asanu ndi awiri m'nthunzi, zovala zikuchita kukha, ungamuuze bwanji kuti thupi lake ndi lozizira? Sankadziwa kuti nsimbi imatenthetsa khungu ndi mapewa, pamene miyendo yangoima malo amodzi tsiku lonse ngati mizati.

Mpira woyamba unapita m'mwamba, Chiwala n'kuutsatira. Kunamveka kuti thwa, ngati nkhuni youma ikathyoledwa pa bondo. Chiwala anatera ndi mwendo umodzi, n'kucheuka ali wokwiya, kufuna kuona amene wamumenya ku chidendene. Kumbuyo kwake kunalibe munthu. Kunali Akochi okha, ataima kunja kwa mzere ndi wezulo m'khosi, ndipo maso a Chiwala anafikira pa iwo.

Kulakwa kwachiwiri kunali kwawonso. Anati wangobinya, timuthowa ndi madzi otentha, Lolemba adzuka. Anamuthowa milungu itatu. Pofika naye kuchipatala mtsempha wa ku chidendene uja unali utathawira m'mwamba, ndipo ngakhale anaulumikiza, mwendo sunabwererenso mwakale. Dokotala ananena kuti zotere zimachitika, mwina ukanadukabe ngakhale akanathamanga kaye. Akochi anawamva mawuwo, anawabwereza kwa amuna awo, anawabwereza mumtima kambirimbiri, koma sanawagonetse tulo ndi tsiku limodzi lomwe.

Nkhaniyo awiriwa sanaikambepo. Nyumba zawo zinali mumsewu umodzi, ndiye tsiku lililonse ankaweruka limodzi, koma Akochi ankayenda patsogolo mapazi awiri kapena atatu kuti asaone katsimphinidwe kake. Maso ankathawa, koma makutu alibe zitseko. Kumbuyo kwawo phazi limodzi linkaponda kuti phwa, linalo n'kukwekwereza kuti khwee. Patapita zaka phokosolo linayamba kuwatsata ngakhale Chiwala kulibe. Ankalimva m'khonde la matawulo, ankalimva pamzere wa kubanki, ankalimva Lamlungu akusesa m'nyumba mwawo okhaokha. Akacheuka, kunalibe munthu.

Bedishiti lomaliza linapindidwa kutatsala mphindi makumi awiri kuti 3 koloko ikwane. Amayi anathamangira ku lole ya kampani nsapato zili m'manja. Apa m'pamene zinadziwika kuti majezi atatu zilembo zake zinali zitathothoka pochapa, ndipo Chiwala anali atangosokerera limodzi. Anatola majezi onse asanu ndi awiri, singano n'kuibaya pa kolala, nati amalizira m'njira. Akochi anati asavutike, angowapatsa mapini. Chiwala anafunsa ngati akufuna kuti amayi akalasane ndi mapini pabwalo, ndipo asanayankhidwe anali atagwira kale chitseko cha lole, dalaivala akumuthandiza kukwera. Aka kanali koyamba kuti apite kumpira chivulalireni.

Kumbuyo kwa lole amayi anakhala mopanikizana, miyendo atapinda pa zitsulo. Mphepo inawaumitsa thukuta lija mpaka ena anayamba kudzifunditsa matawulo. Pa mlatho anapeza mzere wa magalimoto wosayenda, basi itafera pakati pa msewu. Amake Mapasa, amene ankasewera pakati ndipo pakamwa pawo sipankatsekeka, anayesa kuseketsa anthu kuti lero mapemphero achitira m'lole momwemo chokhala, koma anaseka ndi awiri okha. Akochi ankangoyang'ana wotchi ya pamkono.

Anafika nthawi itadutsa ndi mphindi khumi ndi ziwiri. Adani awo, amayi a ku bekale, anali kale m'bwalo, nkhope zikunyezimira, akuponyerana mpira mothamanga. Woyimbira, bambo wamfupi wa imvi m'ndevu, anabwera ndi pepala lake. Ananena mofatsa kuti lamulo limalola kudikira mphindi khumi ndi zisanu basi, ndiye zatsala zitatu. Akochi anapempha khumi. Bamboyo anapukusa mutu, nati 4 koloko bwalo lomweli likulowa matimu ena, ndipo sabata yatha anakaniza timu ina pa chifukwa chomwechi, sangasinthe lero. Sanali munthu woipa. Anachita kuwaonetsa wotchi yake kuti aone okha.

Amayi anali atatsika, ena akudumphira mwendo umodzi povala nsapato, ena akumenya ntchafu zochita dzanzi. Nsungwi anabwera patsogolo. Ameneyu anali wamtali kuposa onse, wotchinga kumbuyo, mayi wa ana anayi amene ankawalera yekha, ndipo pakhoma paja dontho lake ndi limene linkayandikira zala za Chiwala. Kangapo konse anali atanena kuti pa sabata yathunthu, ola la mpira ndi lokhalo limene palibe amamuitana kuti amayi. Anakoka kolala ya yunifomu yake n'kuwaonetsa Akochi.

"Akochi, tasita tsiku lonse. Taonani thukutali. Tiloleni tilowe, titenthera momwemo."

Akochi anamuyang'anitsitsa. Nsungwi analowa ntchito zaka zinayi zapitazo, za tsiku lija sankazidziwa mwatsatanetsatane, koma mawu anali omwewo, osasiyako ndi limodzi. Zinali ngati munthu watsegula kabati yakale n'kutulutsamo diresi yawo yomwe, n'kuivala pamaso pawo. Anawerama n'kugwira katumba wa Nsungwi. Anali wozizira, wolimba ngati njerwa.

Amake Mapasa anati mapemphero achita popumulira, Mulungu sathawa. Wina anati chigawo choyamba asewera pang'onopang'ono, osadumpha, bola dzina likhale m'buku. Akochi ankadziwa kuti limenelo ndi bodza lonenedwa ndi mtima wabwino. Palibe munthu amadumpha pang'onopang'ono. Mpira ukakwera m'mwamba thupi limaiwala zonse zimene pakamwa panalonjeza, makamaka thupi la Nsungwi.

Komabe mtima wina unkawauza kuti tsoka siligwa kawiri pamalo amodzi. Matimu angati amalowa chotsika m'galimoto n'kutuluka bwinobwino? Dokotala uja sanati mwina ukanadukabe? Anayang'ana nkhope zisanu ndi ziwiri zimene zinali zitawazungulira, amayi amene anawathamangitsa padzuwa chaka chonse, ndipo anawamvera chisoni chenicheni. Woyimbira anati yatsala imodzi. Mawu oti lowani anali atafika kale pa lilime.

Kenako kumbuyo kwawo kunamveka phwa, khwee. Phwa, khwee. Akochi anaumitsa khosi, poganiza kuti ndi zomwe zija zowatsata. Koma ulendo uno amayi ena nawonso anatembenuza maso. Phokosolo linayandikira pa simenti ya bwalo, n'kudzaima kumbuyo kwawo kwenikweni, moti ankamva kupuma kwa munthu paphewa. Dzanja linatulukira m'mbali mwawo litanyamula majezi asanu ndi awiri, zilembo zonse zitasokedwa.

Akochi sanawalandire majeziwo.

"Sitilowa," anatero. Kenako anatembenukira kwa woyimbira. "Bambo, amayi anga salowa asanathamange mphindi khumi. Lembani zimene lamulo likunena."

Woyimbira anadikirabe mpaka muvi wa wotchi unafika pamene unkayenera kufika. Kenako anaimba wezulo katatu, n'kulemba pa pepala lake. Amayi a ku bekale anaomba m'manja mwamanyazi, kaputeni wawo n'kubwera kudzapepesa, ngakhale panalibe chimene analakwa.

Amake Mapasa anakhala pansi n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato zimene anali atangomanga kumene. Nsungwi anaima chilili, misozi ikutsika osaipukuta, ndipo atayankhula sanakweze mawu.

"Wovulala anali mmodzi, Akochi, koma mwatitsimphinitsa tonse. Mwatiphera timu chifukwa cha mzukwa wanu."

Mawuwo anabaya chifukwa munali choonadi. Akochi sanadziteteze. Akanatha kunena za khoma, za madontho a choko, za katumba wozizira, koma ankadziwa kuti ngakhale zonsezo zinali zoona, si zimene zinatseka pakamwa pawo. Amayi anakwera lole mmodzimmodzi osawayang'ana. Dalaivala anaimba hutala kawiri. Chiwala anamukodola kuti azipita, iye akwera basi, mwendo watopa ndi zitsulo. Akochi nawonso anatsala, ndipo palibe anawaitana.

Anakhala pa benchi ya m'mbali mwa bwalo, mpata wa munthu mmodzi pakati pawo. Matimu a 4 koloko anali atayamba kufika, amayi ena achilendo akuthamanga mozungulira mzere, akuponya miyendo, akuseka. Chiwala ankapinda majezi aja limodzilimodzi pa ntchafu, mwaukhondo, m'mene amapindira anthu a ntchito yawo.

"Mphindi khumi," anatero osadzutsa mutu. "Ine ndinapempha zisanu zokha, achemwali."

Zaka zonsezi Akochi ankaganiza kuti mwina mng'ono wawo anaiwala mawu a tsiku lija, kuti ululu unawafufuta. Anafuna kutchula za dokotala, koma anachita nazo manyazi zisanatuluke.

"Ndikukumbuka," anatero. "Unapempha, ine ndinakukaniza. Ndinenso ndinati tikuthowe. Mwendo wakowo ndinathyola ndine, mng'ono wanga."

Chiwala anapinda jezi lomaliza, n'kulisalaza ndi chikhatho. Anayang'ana mayi wina wamtali amene ankayesa kukhudza mkombero wa golo.

"Madzi akatayika saoleka," anatero. "Mwendowu ndinauzolowera. Ukamazizira umandiuza kuti kubwera mvula, ndimayanula zovala anzanga asanadziwe. Chimene sindinazolowere ndi nkhongo yanu. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikuweruka ndi nkhongo yanu, achemwali. Ndimafuna kukuuzani za ana, za mutu ukandipweteka, koma munthu ungacheze bwanji ndi nkhongo? Amayi onsewa mumawagwira miyendo Lachiwiri ndi Lachinayi. Wangawu simunaufunsepo kuti wadzuka bwanji."

Akochi analira pamenepo, kulira kwa munthu wamkulu, kopanda phokoso, mapewa okha akugwedezeka. Chiwala sanawatonthoze. Anangowapatsa thawulo la kuntchito limene linali m'chikwama, n'kudikira. Atatha anawafunsa kuti Lolemba akawauza chiyani amayi aja. Akochi anati sakudziwa, mwina Nsungwi sadzawayankhulanso, mwina chaka chamawa akapempha kulowanso ligi, ngati padzapezeke wofuna kuwatsatira. Chiwala anati Nsungwi akwiya mwezi umodzi, koma akwiya akuyenda ndi miyendo iwiri.

Anadzuka kuti azipita kokwerera basi. Mwachizolowezi mapazi a Akochi anafulumira, ndipo pofika pageti anali kale patsogolo. Anazindikira okha, n'kuima. Anadikira mpaka Chiwala anawapeza, kenako anatsitsa maso n'kuuyang'ana mwendowo bwinobwino, koyamba chichokereni kuchipatala. Katumba wake anali wowonda kuposa mnzake, chipsera chinatsika ngati msoko mpaka m'nsapato, ndipo nsapatoyo inali itadyeka mbali imodzi.

"Wadzuka bwanji lero?" anafunsa.

"Ukupweteka," anayankha Chiwala. "Lole ija."

Akochi anamulanda chikwama cha majezi n'kuchikoleka paphewa pawo. Msewu wopita kokwerera basi unali wautali, wokwera pang'ono, ndipo pa liwiro la Chiwala unkafuna theka la ola. Phwa, khwee, phokoso lija linayambanso, koma tsopano linkachokera m'mbali, pafupi ndi dzanja lawo lamanzere, ndipo akatembenuka ankapezapo munthu. Basi yoyamba inawadutsa akadali kutali, ndipo sanaithamangire.